Madzi a Zambezi ndi Mavoti a Kumadzulo

Masankho akafika, timafulumira kunena kuti abale athu a m'Cigawo ca Kumadzulo amavota motsata mtundu. Koma tiyeni tiyambe taona malo amene akhalamo.

Mvula ikagwa bwino, Zambezi amasefukira ndi kumiza cigwa ca Barotse, ndipo Litunga amacoka ku Lealui kupita ku Limulunga pa mwambo wa Kuomboka. Kwa zaka zambiri madzi ndi mcenga zinapatula derali, motero Alozi anazolowera kudzilamulira okha pa nkhani za nthaka, nsomba ndi msipu. Pangano la Barotseland la 1964 linalonjeza kuteteza mphamvu zimenezi, koma boma linalithetsa mu 1969. Ndiye cifukwa cake ena mpaka lero afuna kudzipatula ku Zambia.

Mtunda unakhudzanso mavoti. Popeza njanji ndi Copperbelt zili kutali, amuna ambiri anali kudalira nchito ya m'migodi ya ku South Africa. Boma litatseka njira imeneyo mu 1966, UNIP inaluza mipando yambiri kumeneko pa masankho a 1968. Mseu wa Mongu-Kalabo nawo unatsegulidwa mu 2016 cabe.

Conco tisanaweruze voti ya mnzathu, tiyeni tifunse kuti cipatala ndi msika zili patali bwanji ndi mudzi wake.