Maulendo a anthu oluka: zimene Katete, Sinda ndi Vubwi angaphunzirepo

M'maiko a ku Ulaya ndi ku America muli mtundu wa alendo amene amalipira ndalama zambiri kuti akathe sabata limodzi kapena awiri m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, akuphunzira kuluka kwa eni dera. Maulendo otere apereka moyo watsopano ku zisumbu zimene zinali kutha anthu. Zambia ilibe gombe la nyanja ya mcere, koma maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi m'Cigawo ca Kum'mawa ali ndi thonje, mlaza, bango ndi manja odziwa kuluka, zinthu zomwe alendo amtunduwu amafunafuna.

Ulendo wa oluka umayenda bwanji?

Gulu limakhala locepa, kawirikawiri anthu osapitirira makumi awiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi acikulire amene ali ndi nthawi ndi ndalama zoyendera. Amakhala ndi wowatsogolera mmodzi wodziwa njira, ndiponso mphunzitsi wa zoluka. M'mawa amakhala pansi ndi zingano zawo n'kuphunzira kalukidwe ka deralo. Masana amakaona komwe ulusi umacokera: khola la nkhosa, nyumba yopotera ulusi, kapena khomo la mayi amene amanyika ulusi m'utoto. Madzulo amadya cakudya ca komweko ndi kugula zoti apite nazo kwawo.

Mlendo woteroyo amasiyana ndi uja wobwera kudzaona nyama. Safuna kuthamanga, ndipo amakhala malo amodzi masiku angapo. Popeza iye mwini amaluka, amadziwa kuti juzi imodzi imatha masiku ambiri, conco sanenerera mtengo ngati mmene amacitira munthu wongodutsa pamsewu. Ndalama zake zimagwera kwa mphunzitsi, wophika, mwini nyumba yogona ndi wogulitsa ulusi.

Kumene zinayenda bwino

Citsanzo cochuka ndi zisumbu za Shetland kumpoto kwa Scotland, kumene kuli anthu pafupifupi 23,000. Kumeneko amaweta nkhosa zazing'ono za ubweya wofewa, ndipo kalukidwe kawo ka mitundumitundu kanatenga dzina la kacisumbu ka Fair Isle. Mu 2010 anayambitsa Shetland Wool Week, cikondwerero ca sabata limodzi cimene cimacitika kumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Nthawi imeneyo alendo ena amakhala atapita kale cifukwa ca kuzizira, koma oluka ocokera m'maiko osiyanasiyana amadzaza nyumba zogona za m'tauni ya Lerwick ndi m'midzi. Caka ciliconse okonza cikondwererocho amatulutsa kalukidwe ka cipewa catsopano, ndipo alendo amafika atavala cipewa cimene aluka okha kwawo.

Ku Ireland nako, zisumbu zitatu za Aran zimakopa magulu otere cifukwa ca majuzi ake okhuthala a ubweya woyera.

Koma phunziro lalikulu kwa anthu a kuno likucokera ku Peru, pa cisumbu ca Taquile m'nyanja ya Titicaca. Kumeneko amuna ndiwo amaluka zipewa ndi zingano, pamene amayi amapota ulusi ndi kuomba malamba. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, eni cisumbuco anagula mabwato awo, kulandira alendo m'nyumba zawo ndi kugulitsa nsalu zawo m'sitolo ya gulu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza luso lawo kukhala cuma ca cikhalidwe ca anthu onse, caka comweco cimene linalengeza Gule Wamkulu wa Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique. Komabe pamene alendo anaculuka, makampani a maulendo a m'tauni ya Puno analanda mbali yaikulu ya malondawo. Alendo ambiri anayamba kubwera kwa maola ocepa okha n'kubwerera, ndipo ndalama zotsala pacisumbu zinacepa. Izi zikusonyeza kuti luso lokha silikwanira ngati eni ake sagwira okha njira imene mlendo amafikira.

Luso lakale la thonje

Kuomba nsalu sikunabwere ndi azungu m'dziko la Amaravi. Zaka mazana angapo zapitazo, nsalu ya thonje yochedwa macila inali katundu wamkulu wa malonda m'cigwa ca Zambezi, ndipo Apwitikizi a ku Sena ndi Tete anali kuigula kuti akasinthanitse ndi golide. Pamene David Livingstone anayenda m'cigwa ca Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima mitundu iwiri ya thonje, ina yochedwa thonje manga, imene inacokera kunja, ndi ina yochedwa thonje kaja, ya komweko. Analemba kuti m'midzi yambiri anthu anali kupota ulusi ndi kuomba nsalu.

Kumtunda, kumene kuli mitengo ya mombo ndi kacere, anthu anali kusula khungwa mpaka lifewe n'kukhala nyanda yovala. Nsalu zimenezi zinazimiririka pamene amalonda anadzaza dziko ndi nsalu zochipa za m'mafakitale a ku Britain, India ndi America.

Kuluka ndi zingano kunafalikira kudzera m'mamishoni. A Dutch Reformed Church anafika ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899, ndipo pambuyo pake anatsegula mishoni ya Nyanje, yomwe lero ili m'boma la Sinda. Ku Katete, cipatala ca St Francis cinayamba mu 1948. M'malo otere atsikana ndi amayi anali kuphunzitsidwa kusoka ndi kuluka, ndipo lusolo linapitirira m'magulu a amayi a m'machalichi. Mpaka lero, miyezi ya Juni ndi Julayi ikamayandikira, amayi amaluka majuzi a ana a sukulu, tizipewa ndi timasokosi ta makanda, komanso tinsalu toyala pa mipando. Ulusi wambiri umene amagwiritsa nchito ndi wa m'fakitale, wogula m'masitolo, ngakhale kuti munda wa thonje uli kuseri kwa nyumba.

Thonje limapita, phindu limatsala kwina

Cigawo ca Kum'mawa ndi cimodzi mwa zigawo zolima thonje lambiri m'Zambia. Kale malonda ake anali m'manja mwa kampani ya boma ya Lintco, imene inagulitsidwa pakati pa zaka za m'ma 1990 kwa Lonrho ndi Clark Cotton. Pambuyo pake panabwera Dunavant, Cargill ndi ena. Kacitidwe kake nkodziwika kwa mlimi aliyense: kampani imapereka mbewu ndi mankhwala pa ngongole, mlimi amabzala mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, amathyola kuyambira mu Meyi, ndipo ngongole imadulidwa pogulitsa.

Mtengo umatsatira msika wa kunja. Mu 2012, dziko litakolola thonje loposa matani 250,000, mtengo unagwa kucoka pa K3,200 kufika pa K1,600 pa kilogalamu, m'ndalama za nthawiyo. Alimi anakwiya kwambiri, ndipo m'zaka zotsatira ambiri anasiya thonje n'kuyamba soya, mpendadzuwa kapena nshawa.

Pa makilogalamu 100 a thonje lothyoledwa m'munda, makina ocotsa njere amatulutsa makilogalamu pafupifupi 40 a thonje loyera. Zotsalazo ndi njere zimene amayengera mafuta ndi kupangira cakudya ca ng'ombe. Thonje loyeralo lambiri limamangidwa m'mabelo n'kutumizidwa kunja, cifukwa mafakitale a nsalu a m'dziko muno anafooka salaula ndi nsalu zochipa zitadzaza misika. Fakitale ya Mulungushi Textiles ku Kabwe inaima mu 2007 ndipo inakhala zaka zambiri osagwira nchito.

Apa ndipo pagona nkhani. Cipewa cimodzi coluka cimafuna ulusi wosapitirira magalamu 100, kutanthauza kuti kilogalamu imodzi ya thonje loyera ingatulutse zipewa pafupifupi khumi. Phindu lalikulu lili m'nchito ya manja imene imacitika thonje litacoka m'munda. Bungwe la alimi la Cotton Association of Zambia, lokhazikitsidwa mu 2005, lakhala likulimbikitsa alimi kupota ndi kuomba thonje lawo pa cifukwa comweci. Ulusi wa thonje sufunda ngati ubweya wa nkhosa ndipo sutanuka kwambiri, koma ndi wabwino pa zovala za makanda, zikwama, nsalu za patebulo ndi malaya a nyengo yotentha.

Zimene mlendo angaone

M'maboma atatuwa, ulusi si cinthu cokha colukidwa. Pali mphasa za bango, mikeka ndi zipewa za mlaza, malicero ndi madengu a nsungwi, zingwe za khonje ndi luzi, ngakhalenso nkhokwe, imene ndi dengu lalikulu koposa onse pamudzi. Kwa munthu amene waluka moyo wake wonse ndi zingano, kuona mdala akung'amba nsungwi n'kuluka licero ndi phunziro lokwanira tsiku lathunthu.

Nyengo nayo ikugwirizana. Thonje limathyoledwa kuyambira Meyi mpaka Julayi, misewu itauma. Loweruka lomaliza la Ogasiti kumakhala mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, pamene mafumu a Acewa ocokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambowu unaletsedwa ndi atsamunda mu 1934 ndipo unayambiranso mu 1984. Zilombo za gule zimene zimavina kumeneko zimaoneka ndi makoko a cimanga, khonje, nthenga, nsanza ndi udzu, zonse zolukidwa mwaluso. Koma kapangidwe kake ndi cinsinsi ca kudambwe. Mlendo amaonera pabwalo basi, ndipo wotsogolera wabwino ayenera kumuuza zimenezi asanafunse.

Kucereza alendo si kwacilendo m'derali. Ku Katete, Tikondane Community Centre, yoyambika mu 1999 pafupi ndi cipatala ca St Francis, yakhala ikulandira alendo ndi kuwaperekeza m'midzi. Ku Mfuwe, kufupi ndi malo osungira nyama a South Luangwa, kampani ya Tribal Textiles yoyambika mu 1991 imajambula nsalu za thonje pamanja, ndipo alendo amalowa m'nyumba yogwirira nchito kukaona mmene nsaluzo zimapangidwira asanagule. Umenewu ndi umboni wakuti mlendo amalipira bwino cinthu cimene waona cikupangidwa.

Kwa amene akufunabe madzi, nyanja ya Malawi si patali. Kucoka ku Katete, msewu wa Great East umadutsa ku Chipata n'kufika pa cipata ca Mwami ndi Mchinji, pomwe kuyambira mu Disembala 2022 maiko awiriwa amaonera mapasipoti pamalo amodzi. Kucoka pamenepo ulendo umapitirira ku Lilongwe mpaka ku Senga Bay m'boma la Salima. Ulendo woyambira m'minda ya thonje ya ku Sinda n'kukathera pagombe ungakwane m'sabata limodzi.

Zopinga

Coyamba ndi mtunda. Katete ali pa makilomita pafupifupi 500 kucokera ku Lusaka, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Sinda ali m'mbali mwa msewu waukulu, koma Vubwi, amene anakhala boma pa yekha mu 2012 atapatulidwa ku Chadiza, ali kumapiri a kumalire, kumene kuyenda kumavuta nthawi ya dzinja. Alendo acikulire amafuna bedi labwino, madzi aukhondo, cimbudzi coyenera ndi neti yoteteza ku udzudzu.

Caciwiri ndi ubwino wa katundu. Woluka wodziwa amagwira ulusi ndi zala n'kuzindikira msanga ngati wapotedwa mosalingana kapena ngati utoto wake udzacoka pocapa. Gulu lofuna kugulitsa ulusi liyenera kuphunzira kupota mofanana, kuyeza pa sikelo ndi kulemba kulemera kwake.

Cacitatu ndi malamulo. Lamulo la Tourism and Hospitality Act la mu 2015 limafuna kuti oyendetsa maulendo ndi eni nyumba zogona alendo akhale ndi ziphaso, ndipo nchito imeneyi imayang'aniridwa ndi Zambia Tourism Agency. M'midzi, palibe gulu la alendo limene lingalowe popanda cilolezo ca nyakwawa ndi mfumu.

Cacinayi ndi cija cinagwera anthu a ku Taquile. Ngati kampani ya ku Lusaka kapena kunja ndiyo ikhazikitsa mtengo, mayi wophunzitsa kuluka angathe tsiku lonse n'kulandira yogulira sopo yokha. Magulu a amayi ndi makopaletivu amatetezeka akagwirizana pasadakhale za malipiro a phunziro lililonse, za mtengo wa cakudya, za kujambulidwa zithunzi, ndi za gawo limene lipita m'thumba la gulu.

Maulendo a oluka sangalowe m'malo mwa msika wa thonje, pakuti magulu ake ndi ang'onoang'ono ndipo amabwera miyezi yocepa pa caka. Cimene angacite ndi kupatsa mabanja ena ndalama m'cilimwe, nchito ya kumunda itacepa, ndiponso kupatsa acinyamata cifukwa cophunzirira kupota, kuluka ndi kuomba kwa akuluakulu amene akudziwabe nchitozi.