Injini ya lole ikayamba kutsimphina

Lole yodzaza mbatatesi ikamatsika kucokera ku Ulongwe kupita ku Tete, injini siivutika kwenikweni. Vuto limaoneka pobwerera. Tete ali m'cigwa ca Zambezi, pamene Angónia ali pamwamba, mamita oposa 1000. Pa zitunda zimenezo lole yodwala siibisa. Imanjenjemera, imafuka utsi, mphamvu n'kutha. Apa ambiri amafulumira kunena kuti, "Turbo yafa." Nthawi zambiri si turbo ayi, ndipo turbo yatsopano ndi yodula kwambiri. Ndiye tiyeni tione bwino tisanataye ndalama.

Malole ambiri akuluakulu ali ndi masilinda 6. Silinda ili ngati mtondo, ndipo pisitoni ndiye munsi wake. Pisitoni ikamakwera imapanikiza mpweya mpaka mpweyawo utatentha kuposa madigiri 500. Pamenepo injekita imapopera dizilo pang'ono, dizilo n'kuyaka yokha. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto monga ya petulo. Imangofuna zinthu zitatu: mpweya wokwanira, dizilo woyera wobwera pa nthawi yake, ndi kupanikiza kwamphamvu.

Munamvapo amayi akusinja pamodzi? Minsi imagwa motsatana, ndipo mmodzi akaphonya, ngakhale muli kuseri kwa nyumba mumadziwa. Injini nayo ndi cimodzimodzi. Silinda imodzi ikaleka kuyatsa dizilo, kulira kwa injini kumasintha, galimoto yonse n'kumagwedezeka. Uku ndiye kutsimphina.

Nanga turbo nchito yake n'ciani? Ili ngati mvukuto wa wosula makasu. Utsi wotuluka m'injini umazunguza kagudumu, kagudumuko n'kuzunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya wambiri m'injini. Timagudumu timeneti timatha kuzungulira maulendo oposa 100 000 pa mphindi imodzi. Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: turbo imadyetsa masilinda onse pamodzi. Ikafooka, injini yonse imafooka mofanana. Koma ngati injini ikutsimphina mwendo umodzi, kayang'aneni kwina.

Coyamba, onani utsi. Utsi wakuda ukutanthauza kuti dizilo waculuka kapena mpweya wacepa. Utsi woyera wonunkha dizilo ndi mafuta amene atuluka osapsa. Ukakhala woyera ngati nthunzi, madzi a m'radiyeta n'kumacepa, ndiye kuti madziwo akulowa m'silinda. Utsi wa buluu ndi oyilo amene akupsa.

Kenaka yambani ndi zochipa. Tsegulani sefa ya mpweya. M'misewu yathu ya fumbi, makamaka mwezi wa Okutobala, sefa siicedwa kutsekeka. Onaninso mapayipi akuluakulu ocokera ku turbo. Payipi ikang'ambika kapena cingwe cake comangira cikamasuka, mpweya umathawa. Mumamva "fyuuu" poponda mafuta, ndipo pong'ambikapo pamakhala tonyowa ta oyilo. Lole yotere imafuka utsi wakuda pa citunda, turbo ili bwinobwino.

Mukacoka apo, pitani ku dizilo. Madzi amalemera kuposa dizilo, conco amakhazikika pansi. Malole ambiri ali ndi kabotolo pansi pa sefa ya dizilo. Masulani kacitseko kake madzi atuluke. Ine dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu sindimukhulupirira, ngakhale atachipa bwanji, cifukwa fumbi ndi madzi zimapha ma injekita. Mpweya ukalowa m'mapayipi a dizilo, nawonso umadula injini mawu. Umacotsedwa popopa ndi kapampu ka pamanja.

Zonsezi zikakhala bwino koma injini ikutsimphinabe, makaniko amafufuza silinda yogona. Pa injini zakale amacita motere. Injini ikulira pang'onopang'ono, amamasula pang'ono nati ya payipi ya injekita imodzi. Dizilo amatayikira panja, silinda imeneyo n'kuleka nchito. Kulira kwa injini kukasintha, ndiye kuti silindayo inali yamoyo. Amamanga, n'kupita pa ina. Akafika pa silinda imene amasula koma kulira osasintha, wapezeka wolakwa. Inali itagona kale, eti.

Komabe sitinadziwe ngati vuto ndi injekita kapena silinda yeniyeniyo. Makaniko wanzeru amasinthanitsa injekita imeneyo ndi ya silinda ina. Vuto likasamuka pamodzi ndi injekita, basi, injekita ndiyo yofunika kukonza. Likakhala pomwepo, amayeza mphamvu ya kupanikiza, pakuti mwina mavavu sakutseka bwino kapena maring'i a pisitoni atha.

Cenjezo lalikulu: njira yomasula nati ija musaiyese pa injini zatsopano zochedwa common rail. M'mapayipi ake dizilo amapanikizidwa kuposa mabar 1500, pamene tayala la lole limangofuna 8 kapena 9. Dizilo wothamanga conco amaboola khungu, ndipo munthu atha kuduka cala. Injini zimenezi amaziyeza ndi kompyuta, imene imaonetsa manambala ndi zilembo zonena pamene pali vuto. M'kalasi mwathu munali bambo wina, wothandizira dalaivala wa lole. Anabwera kudzaphunzira cifukwa cofuna kuwerenga yekha zilembo zimenezi. Lero amalemba m'kabuku mtundu wa utsi, nthawi imene vuto layamba, ndiponso ngati injini inali yozizira kapena yotentha. Makaniko akaona kabukuko samasula zinthu mwacisawawa.

Pali cizolowezi cina cimene sindigwirizana naco. Lole ikafooka, ena amapotokola sikuluwu ya pampu ya dizilo, imene kuno ambiri amati bomba, kuti mafuta azibwera ambiri. Tsiku loyamba lole imakoka ndithu, dalaivala n'kusekerera. Koma dizilo wawonjezeka, mpweya sunawonjezeke. Utsi umada, mafuta amatha msanga, moto wa m'silinda umapyola muyezo. Kutentha kumeneko kumasungunula mutu wa pisitoni ndi kuwononga turbo. Vuto loyamba lija, kaya inali sefa kaya payipi, likadali pomwepo. Pampu imakonzedwa pa makina ake oyezera, ndipo nthawi yopopera dizilo amaichera potsata zizindikiro zimene opanga injini anaika.

Turbo yeniyeni ikamafa imadziwika. Imalira ngati wenzulo wosweka, imataya oyilo m'mapayipi, ndipo injini itazima n'kuzizira, mukagwira kagudumu kake kamagwedera mpaka kukhudza m'mbali. Cimene cimaipha kawirikawiri ndi oyilo wakuda ndi kuzimitsa injini mwadzidzidzi. Mukangomaliza kukwera citunda, turbo imakhala yotentha koopsa. Mukazimitsa pomwepo, oyilo amaleka kuyenda, wotsalira mkatimo n'kupserera. Mukafika pamalo oimira, isiyeni injini ilire pang'onopang'ono mphindi 2 kapena 3, kenaka zimitsani.