Banja Lokhala m'Ngalawa ya Matanga: Nanga Ana Aphunzira Kuti?

Ife a kuno ku mapiri a Angónia madzi amene timawadziwa ndi a pacitsime, a kudambo ndi a mumtsinje wa Lifidzi. Ambiri a ife sitinakwerepo ngakhale bwato. Amene munafikako ku Metangula kapena ku Likoma munaona ngalawa za matanga zitanyamula cimanga, nkhuni ndi anthu, koma eni ake akakoceza amapita kukagona kumudzi. Komatu alipo mabanja ena amene ngalawa ndiyo nyumba yao, ndipo amalowamo ndi ana ang'onoang'ono. Nkhani yao ikutikhudza ife ophunzitsa kuwerenga koposa m'mene tingaganizire.

Tiyambe ndi ngalawayo. Thanga ndi cinsalu cacikulu comangidwa pa mlongoti, ndipo mphepo ikaomba pa cinsaluco ngalawa imayenda popanda mafuta. Mphepo ikaleka, ulendo waima. Ikanyanya, ayenera kupinda thanga msanga kuti ngalawa ingagubuduzike. Pakati pa nyanja ya mcere palibe poima usiku, cotero bambo ndi mai amalandirana ciongolero, wina akugona wina ali maso. Madzi akumwa amacita kuyeza, pakuti ozungulira onsewo ndi amcere. Mwana wosadziwa kusambira amam'manga cingwe m'cifuwa akatuluka panja. Zonsezi makolo amaziwerengera asananyamuke, cifukwa akaiwala cimodzi, tsoka lake limaoneka tsiku lomwelo. Sukulu yokha ndiyo siimalira. Mwana akhoza kutha caka osagwira colembera, iye ali wonenepa bwinobwino, ndipo palibe angaone kuti cinacake casowa.

Anansi athu a tsidya lija la nyanja, ku Madagascar, ali ndi anthu ochedwa Vezo, okhala m'mphepete mwa nyanja ca ku Toliara ndi Morondava. Bwato lao limachedwa lakana. Amalisema ku mtengo wopepuka wochedwa farafatse, ndipo ca kumbali amamangirira mtengo wina woyandama woti bwato lisapendekeke. Nyengo ya namondwe ikapita, mabanja ena amalonga miphika, maukonde ndi ana, nayenda makilomita mazanamazana kumka kumpoto, ena mpaka ku tizilumba ta Barren pafupi ndi Maintirano, kumene amakhala miyezi yambiri akupha nsomba. Kunena zoona iwo sagona pamadzi: madzulo amakokera bwato pamcenga, natsitsa thanga lomwe lija n'kulisandutsa hema.

Mai Rita Astuti, amene anakhala pakati pao nalemba buku lonena za iwo mu 1995, anapeza kuti kwa anthuwa munthu sakhala Vezo cifukwa ca magazi. Amasanduka Vezo pophunzira kusambira, kupalasa ndi kuwedza, ndipo ngakhale mlimi wa kumtunda akadziwa zimenezi amamuyesa mnzao. Tsono mwana wa m'bwato ali nayo sukulu yake, ndipo ndi sukulu yeniyeni. Amayamba ndi kabwato koseweretsa, monga ana athu ayambira ndi ng'ombe zadothi. Tisamuyese mbuli ai. Koma miyezi imene ali pa kacilumba, kalasi la kumudzi kwao silimudikira.

Azungu ena amalowa m'ngalawa mwa kufuna kwao, osati cifukwa ca njala. M'mwezi wa July 1976 bambo Gordon Cook ananyamuka pa doko la Plymouth ku England ndi akazi ao ndi ana awiri, m'ngalawa yamatabwa yochedwa Wavewalker, yotalika mamita oposa 20. Anafuna kutsata njira imene Captain James Cook anayenda zaka 200 m'mbuyomo. Mwana wao wamkazi, Suzanne, anali ndi zaka 7, ndipo mlongo wake Jon anali wocepera pamenepo. Anawauza kuti ulendo utenga zaka 3. Kwa Suzanne unatenga zaka 10.

Atacoka ku Cape Town, pa 2 January 1977, cifunde cacikulu cinaswa mbali ya ngalawa kumwera kwa nyanja ya India. Mtsikanayo anavulala kwambiri m'mutu. Anapopa madzi usana ndi usiku mpaka anafika pa Île Amsterdam, kacilumba kakang'ono ka Afalansa, pamene dokotala anam'cita opareshoni kangapo. Nkhani ya namondweyu, monga anaisimba bambo wake, inalowa m'buku la Cingerezi la ana a sukulu ku India, ndipo ocuruka anaiwerenga ngati nkhani ya kulimba mtima. N'zoona, analimba mtima.

Koma mu 2023 mwana uja, tsopano ali mai Suzanne Heywood, anatulutsa buku lake lochedwa Wavewalker, ndipo cimene cinam'pweteka nthawi yaitali sicinali cifunde cija. Monga alembera mwini wake, maphunziro amene makolo ankapereka m'ngalawa sanapitirire. Ndalama zitacepa anayamba kunyamula alendo olipira, ndipo nchito yophika ndi kutsuka inagwera iye. Mnzake wosewera naye akam'peza pa doko lina, sabata yamawa ngalawa yanyamuka. Kubwerera kwao sakanatha, pakuti mwana angatsike bwanji pakati pa nyanja? Apa ndi pamene tisiyanitsa wamkulu ndi mwana: wamkulu anasankha ulendowo, mwana anangonyamulidwa.

Kodi abale ndi alongo, mau amenewa sakumveka ngati a kwathu kuno? M'zaka za nkhondo anthu a ku Domwe, Ulongwe ndi Tsangano anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ana ali kumbuyo. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, anthu nabwerera, koma zaka za sukulu sizinabwerere nao. Ena anaphunzirako pang'ono m'Cicewa ndi m'Cingerezi, pobwera napeza Cipwitikizi. Mwana amene anali ndi zaka 7 mu 1986, lero ndi uja wakhala pa benchi la kumbuyo m'kalasi mwanu, imvi zitayamba, akucita manyazi kugwira colembera. Makolo ake sanasankhe monga anasankhira a Cook, zimenezo tisasokoneze. Koma mwanayo anataya cinthu comweco.

Cimene cinam'pulumutsa Suzanne ndi sukulu ya makalata. Atasinkhukirapo analembetsa ku sukulu yotere ya ku Queensland, m'dziko la Australia. Phunziro limabwera pa pepala, iye n'kulemba mayankho m'ngalawa ikugwedezeka, ndipo akafika pa doko amaponya ku positi. Ali ndi zaka 16 makolo anam'siya ku New Zealand pamodzi ndi mlongo wake, ndipo kumeneko anamaliza mayeso, nalembera makalata ku masukulu aukacenjede a maiko osiyanasiyana. A ku Oxford anam'landira, ndipo anayamba maphunziro a za zinyama mu 1987.

Njira imeneyi tingaibwereke. M'makalasi mwathu tili nao anthu amene amasowa miyezi iwiri kapena itatu: wina wapita ku ganyu wa fodya, wina watsika ndi mbatatesi ku Tete, wina akudwazika matenda kutali. Kawirikawiri timangofufuta dzina, ndipo iye akabwera amaopa kulowanso cifukwa anzake apita patsogolo. M'malo mwake, akamatsazika mulembereni pa pepala limodzi zilembo ndi mau a maphunziro anai otsatira, ndi masamu pang'ono a mitengo ya pamsika. Muuzeni kuti alembe mzere umodzi tsiku lililonse, ngakhale kuseri kwa katoni, ndipo apeze mwana wa sukulu kumeneko womuwerengera. Akabwerera, yambani mwaona zimene walembazo musanam'funse kumene anali, ndipo dzina lake lisiyeni m'kaundula mpaka caka cithe.