Mikanda ndi chigumu pakhomo

Ine ndikakhala pakhomo, manja sakhala chabe. Mikanda ndimaitunga pa ulusi wa nayiloni, uja asodzi amawedzera nsomba, chifukwa ulusi wosokera suchedwa kuduka ukamanyowa ndi thukuta. Ndolo ndi zibangili zimatha msanga. Mikanda ya m'chiuno ndiyo imafuna kudekha, poti mitundu yake amasankha ndi eni ake, ndipo ine sindifunsa zambiri.

Kupatula mikanda, ndimaphikanso chigumu, chomwe sichilira uvuni. Ndimasakaniza ufa wamgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri, soda pang'ono, mchere ndi madzi, n'kuthira mupoto wopaka mafuta. Makala ochepa pansi, ambiri pachivundikiro. Mukachulutsa moto pansi, chimapserera kunja m'kati muli phala. Musamangovundukula, kutentha kumathawa. Bayani ndi mpeni pakati; ukatuluka wouma, phulani.