Bowo la kunsi kwa chigaza ndi kupuma kwa mwana

Palibe mayi amene sadziwa liwombo. Amalisisita, amaliyang'ana ngati lalowa mwana akatsegula m'mimba, ndipo amadikira kuti litsekeke. Koma chigaza cha mwana chili ndi malo ena otseguka amene maso saona, ndipo awa satsekeka moyo wonse. Kunsi kwa chigaza, chakunkhongo, pamene mutu wakhazikika pa fupa loyamba la khosi, pali bowo lalikulu limene madokotala amalitchula m'Chilatini kuti foramen magnum. M'bowo limeneli ndi mmene tsinde la ubongo limalumikizirana ndi mtsempha waukulu wotsika mumsana. Mumadutsanso mitsempha iwiri yokweza magazi kuchokera m'khosi, pamodzi ndi madzi amene amazungulira ubongo ndi msana. Kwa munthu wamkulu bowoli ndi lozungulira motalikirapo, pafupifupi mamilimita 35 kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo ndi mamilimita 30 m'mbali. Mbali ya ubongo yolamulira kupuma ndi kugunda kwa mtima ili pakamwa penipeni pa bowolo, ndipo fupa silidziwa kupatuka. N'chifukwa chake kudziwa mamilimita a bowo la mwana kokha sikuthandiza kwenikweni. Chofunika ndi kudziwa ngati zodutsamozo zili ndi mpata wokwanira.

Mwana akamabadwa, fupa la kunkhongo silikhala limodzi. Limakhala zidutswa 4 zozinga bowolo, china kumbuyo, ziwiri m'mbali, china kutsogolo, zolumikizidwa ndi fupa lofewa, longa lija timatafuna kumapeto kwa mwendo wa nkhuku. M'mizere yofewayi ndi mmene bowo limakulira, ndipo limakula mothamanga m'zaka zoyambirira. Mizere ya kumbuyo kawirikawiri imauma mwana asanakwanitse zaka 4, pomwe ya kutsogolo imauma cha m'ma zaka 5 mpaka 7, kwa ena mochedwerapo. Ikangouma, bowo limangowonjezera pang'ono chabe, moti mwana wa sitandade 2 amakhala atatsala pang'ono kufika pa bowo limene adzafe nalo ali nkhalamba. Kaumbidwe kake nako sikafanana. Amene amayeza zigaza amapeza ena ali ndi bowo lozungulira bwinobwino, ena lotalikirapo, ena lokhala ndi timakona, onsewo anthu abwinobwino amene anayenda, kulima ndi kubereka popanda vuto. Choncho chithunzi chikaonetsa bowo looneka mwachilendo, si ndiye kuti mwana wadwala, ndipo muyeso uliwonse uyenera kuyerekezedwa ndi wa ana a msinkhu womwewo.

Pamene kukula kwa bowoli kumasanduka nkhani ya moyo ndi imfa ndi pa ana obadwa ndi achondroplasia, vuto limene limachititsa munthu kukhala wamfupi kwambiri, wa manja ndi miyendo yaifupi, mutu waukulu ndi chipumi chotuluka. Limagwira pafupifupi mwana mmodzi mwa 25,000 obadwa, ndipo mu 1994 akatswiri anapeza kuti gwero lake ndi kusintha kwa jini yotchedwa FGFR3, imene imachedwetsa kukula kwa fupa lofewa. Pafupifupi ana 8 mwa 10 aliwonse otere amabadwa kwa makolo aatali bwino, choncho kuloza chala mayi kapena kufunafuna mfiti pamudzi n'kungomulakwira munthu. Popeza pansi pa chigaza pamakula kudzera mu fupa lofewa lomwelo, mizere ija imauma nthawi isanakwane, bowo n'kutsala laling'ono ndi lopanikizika m'mbali. Ubongo sudikira, umakulabe. Mutu ndi wolemera, khosi la khanda ndi lofooka, ndipo mutu ukagwera kutsogolo kapena kumbuyo, m'mphepete mwa fupa mumatha kufinya mtsempha. Kafukufuku wa ku America wa m'ma 1980 anaonetsa kuti makanda amenewa amafa mwadzidzidzi, makamaka ali m'tulo, mochuluka kuposa makanda ena.

Wina atha kunena kuti ngati zili choncho, njira ndi yachidule: jambulani aliyense, yezani bowo, ndipo amene lake lachepa achitidwe opaleshoni yokulitsa. Maganizowa akumveka, koma umboni sukuwavomereza. Pamene Jacqueline Hecht ndi anzake anafalitsa miyeso ya kakulidwe ka bowoli mu 1989, zinaoneka kuti pafupifupi ana onse a achondroplasia ali ndi bowo laling'ono kuposa la ana ena. Komabe ambiri mwa iwo amakula osafuna mpeni. Muyeso wokha ukanakhala woweruza, ana ochuluka akanang'ambidwa pankhongo pachabe, pamalo amene dokotala akaphonya pang'ono mwana atha kulumala kapena kufa. Makina a CT amaonetsa fupa bwino koma saonetsa bwino mtsempha, pomwe a MRI amaonetsa ngati madzi ozungulira mtsemphawo akadalipo, ngati wapindika, kapena ngati wayamba kuvulala mkati. Pa chifukwa chimenechi madokotala a ku London anakonza kawerengedwe ka magawo kuyambira 0 mpaka 4, kamene sikawerenga mamilimita koma kamayang'ana zimene bowolo likuchita kwa mtsempha. Opaleshoni imaganiziridwa kwambiri kwa amene ali m'magawo apamwamba, makamaka akamaonetsanso zizindikiro.

Mfundoyi imaonekanso tikaitembenuza. Mu 1891 Hans Chiari, dokotala wa ku Austria, anafotokoza za anthu amene mbali ya kumbuyo ya ubongo wawo imatsika n'kulowa m'bowomo. Apa bowo likhoza kukhala labwinobwino. Kwa ana obadwa ndi msana wotseguka, amene achipatala amati spina bifida, nthawi zambiri limakhala lalikulu kuposa la anzawo, komabe njira imathina chifukwa mwadzaza zosayenera kukhalamo, madzi n'kuunjikana m'mutu. Wongoyeza fupa akanati mwanayo ali bwino.

Palinso ena amene angafunse kuti nkhani ya mwana mmodzi mwa 25,000 itidyerenji nthawi, m'dziko limene malungo amadzaza mawodi a ana dzinja lililonse. Yankho lake linapezeka ku Blantyre konkuno. Mu 2008 ku chipatala cha Queen Elizabeth kunaikidwa makina a MRI, ndipo Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo anajambula ana okomoka ndi malungo okhudza ubongo. Zotsatira zake zinatuluka mu 2015 mu New England Journal of Medicine. Mwa ana 168, amene anamwalira anali 25, ndipo 21 mwa iwo anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa 143 amene anachira, otupa motero anali 39 okha. Ubongo ukatupa m'chigaza chotseka ulibe kolowera koma pansi, cha kubowo kuja, kumene umafinya tsinde lolamulira mpweya, mwana n'kusiya kupuma mtima ukugundabe. Bowo la mwana wotereyu n'losalakwika, chimene chatha ndi mpata. Ofufuzawo anaonanso kuti mwa ochira kutupako kumaphwa pakapita masiku ochepa, zimene zinawapatsa maganizo akuti kuthandiza mwana kupuma mpaka kutupa kutatsika kungapulumutse ena. Choncho bowoli si nkhani ya mabanja ochepa okha ayi.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse ndi chakuti makina a MRI ndi owerengeka, ali m'mizinda, ndipo mayi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje sangawafikire mosavuta. Zimenezo n'zoona, ndipo palibe chifukwa chozikometsera. Akatswiri a ku Ulaya amalangiza kuti khanda la achondroplasia lijambulidwe lili ndi miyezi 3 mpaka 6, langizo limene kuno ambiri sangalikwanitse. Koma ngati vuto lenileni ndi kufinyika kwa mtsempha, thupi la mwana limalankhula lokha, ndipo kulimva sikufuna magetsi. Khanda limene limasiya kupuma kwa kamphindi lili m'tulo kenako n'kudzidzimuka, limene limatsamwa poyamwa, limene sikelo yake sikukwera, lofooka thupi lonse kapena logwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha, limene phazi lake limanjenjemera mosalekeza akalikankhira m'mwamba, kapena limene mutu wake ukukula mothamanga kuposa mzere wa m'buku la kusikelo, liyenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu mosazengereza. Tepi yoyezera mutu ndi maso a namwino kapena mlangizi wa zaumoyo n'zokwanira kusankha ana ochepa amene ayenera kukwera basi kukajambulidwa.

Inu amene mukulera khanda la achondroplasia, pobereka onetsetsani kuti chitenje chafika pankhongo ndipo mutu sukulendewera, musaliponye m'mwamba posewera nalo, ndipo musalikakamize kukhala pansi khosi lisanalimbe. Ndipo mwana aliyense wotentha thupi amene wakomoka kapena sakudzuka, mufikitseni kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena masana.