Pulogalamu ya Kompyuta Nayonso Ifuna Pulani Yolembedwa

Mlimi amene alandira uthenga pa foni wonena za fataleza, mayi amene apita ku kiliniki ndi khadi la SmartCare, ndiponso gogo amene atapa ndalama zimene mwana wake watumiza kucokera ku Kitwe, onsewa atsamira pa cinthu cimene sanacionepo ndi maso. Cinthuci ndi pulogalamu, ndiko kunena malangizo olembedwa ndi anthu ouza kompyuta zocita. Pamene Boma linayamba kuyesa njira ya e-voucher m'maboma ena m'nyengo ya ulimi ya 2015/2016, ngakhale mbeu ndi fataleza zinayamba kudzera m'makina otere.

Pulogalamu yaikulu imamangidwa monga nyumba ya zipinda zambiri. Muli cigawo cosunga maina, cina cowerengera ndalama, cinanso cotumiza mauthenga. Payenera kukhala mmisiri woganiza kuti zigawozi zikhale zingati, zilumikizane bwanji, ndipo cimodzi cikafa zinazo zicite ciani. Luso limeneli dzina lake m'Cingelezi ndi software architecture.

Bvuto ndi lakuti pulogalamu imakhalitsa kuposa amisiri ake. Ena amasintha nchito, ena amapuma, enanso amamwalira. Mu April 2020, pamene matenda a Covid-19 anacotsetsa anthu ambiri nchito ku America, makina olipira anthu osowa nchito a m'cigawo ca New Jersey analemedwa kwambiri. Bwanamkubwa Phil Murphy anacita kupempha poyera anthu odziwa COBOL, cinenero ca makompyuta cimene cinayamba mu 1959, kuti abwere kudzathandiza, pakuti ena mwa makinawo anali atapyola zaka 40. Awerengi athu adziwa bwino mlandu umene umabuka m'mudzi nkhalamba yodziwa malire a minda ikatsikira kuli cete osasiyira munthu mau. Pulogalamu yopanda pulani yolembedwa imasiya msokonezo wotero.

N'cifukwa cake kuli maphunziro apadera a lusoli. Bungwe la iSAQB, limene linakhazikitsidwa ku Germany mu 2008, linakonza ndondomeko ya maphunziro ndi mayeso, ndipo setifiketi yake yoyamba ndi CPSA Foundation Level. Kawiri-kawiri maphunzirowa amatenga masiku 3 kapena 4. Mayeso ndi a mphindi 75, a mafunso osankha yankho, ndipo wolemba ayenera kupeza 60 peresenti kuti akhoze. Bungweli limalangiza kuti wophunzira akhale atagwirapo nchito yolemba mapulogalamu kwa miyezi yoposa 18.

Phunziro lalikulu ndi lofunsa mafunso nchito isanayambe. Tiyerekeze kuti pulogalamu ndi ya kiliniki ya kumudzi kumene netiweki imabwera ndi kupita. Kodi nesi aleke kulemba odwala kufikira netiweki itabwera? Kapena kompyuta ya pa kiliniki isunge zonse, ndi kuzitumiza ku likulu pambuyo pace? Njira yaciwiri ithandiza wodwala, koma ibala bvuto lina: munthu mmodzi angalembedwe kawiri pa makiliniki awiri, ndipo payenera kukhala lamulo loyanjanitsa zolembedwazo. Palibe njira yopanda mtengo wake. Wophunzira amaphunzitsidwa kuyeza liwiro, citetezo ca zinsinsi za anthu, ndalama ndi kuphweka kwa kukonza, ndi kusankha modziwa cimene wataya.

Akasankha, alembe. Apa ndi pamene amisiri ambiri amacita ulesi, ndipo kunena zoona sitingawadzudzule kwambiri, pakuti kale anali kuwalamula kulemba mabuku onenepa amene palibe anali kuwawerenga. Njira za masiku ano n'zopepuka. Mu 2005 akatswiri awiri, Gernot Starke ndi Peter Hruschka, anatulutsa arc42, imene iri ngati fomu ya mitu 12. Mwa mituyi muli zolinga, zoletsa, zigawo za pulogalamu, makina amene ikhalamo, zosankha zazikulu, ngozi zodziwika, ndi mndandanda womasulira mau. Simon Brown wa ku Britain anakonza njira yojambula ya C4, ya zithunzi za misinkhu inai. Coyamba cionetsa pulogalamu yonse pamodzi ndi anthu oigwiritsa nchito, monga mapu oonetsa mudzi ndi miseu yake; zotsatira zimalowa m'kati pang'ono-pang'ono kufikira pa malangizo enieniwo.

Koma imene yatikopa mtima koposa ndi ya Michael Nygard, amene mu 2011 analangiza kuti cosankha cacikulu ciri conse cilembedwe pa tsamba limodzi kapena awiri: zinthu zinali bwanji, tinasankha ciani, ndipo zotulukapo zake n'zotani. Cosankha cikasinthidwa, tsamba lakale silitayidwa. Amangolembapo kuti lalowedwa m'malo ndi lina. Motero mmisiri wobwera patapita zaka khumi sagumula khoma asanadziwe kuti ndilo lagwira denga.

Makolo asanamizidwe kuti masiku anai angasandutse mwana wao katswiri. Setifiketi imangocitira umboni kuti munthu adziwa maziko a nchitoyi. Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza Giredi 12 ayambe waphunzira za makompyuta pa sukulu monga University of Zambia ku Lusaka kapena Copperbelt University ku Kitwe, agwire nchito pansi pa amisiri okhwima, ndipo pamenepo maphunzirowa adzakhala ndi pogwira. Mayeso a iSAQB n'ngolipira, ndipo angalembedwe pa intaneti woyang'anira akupenyerera kudzera pa kamera. Koma fomu ya arc42 ndi malongosoledwe a C4 ziri pa intaneti kwaulere, kotero kuti wophunzira angayambe kuzigwiritsa nchito pa pulogalamu yake yoyamba ya kusukulu.