Malipiro Okoma, Pogona Posowa

M'chaka cha 2010, mzinda wa Williston ku North Dakota, m'dziko la America, unali ndi anthu pafupifupi 15,000. Pofika 2020 anali ataposa 29,000. Chinawakoka chinali mafuta a pansi pa nthaka m'dera la Bakken. Madalaivala a mathiraki anakhamukirako kukanyamula madzi, mchenga ndi mafuta osayenga.

Malipiro anali okoma, koma nyumba zinasowa ndipo lendi inakwera kwambiri. Ena ankagona m'galimoto kunja kukuzizira koopsa, mabanja atawasiya kutali. Mtengo wa mafuta utagwa kumapeto kwa 2014, ambiri anachotsedwa ntchito.

Musanasamukire ntchito yotere, yambani mwapeza nyumba, ndipo funsitsani za maola ogwira ntchito. Dalaivala wosagona mokwanira amaika pachiswe moyo wake ndi wa ena pamsewu.